Mbiri ya Juan Manuel Fangio, Ngwazi ya Mpikisano wa Magalimoto

Munthu woimirira m'mphepete mwa msewu, akaona galimoto ya mpikisano ikudutsa ngati mphezi, amayesa kuti ntchito yonse ikugwiridwa ndi injini, ndi kuti woyendetsayo wangokhala phee pampando monga bwana wonyamulidwa pa machila. Maganizo otere anakhalitsa ngakhale pakati pa anthu ophunzira, ndipo ambiri a iwo anakana kuwerengera oyendetsa magalimoto a liwiro m'gulu limodzi ndi othamanga, omenya nkhonya ndi osewera mpira. Mbiri ya Juan Manuel Fangio wa ku Argentina, amene anakhala ngwazi ya dziko lonse kasanu pakati pa 1951 ndi 1957, ikuonetsa kuti m'galimoto yotere choyamba kulefuka kawirikawiri amakhala munthu amene ali m'katimo. Kawiri konse tulo ndi kutopa zinamgwetsa mumsewu. Ulendo woyamba anataya mnzake wapamtima, ulendo wachiwiri anathyoka khosi, ndipo ukatswiri wake wa pambuyo pake unamangidwa pa zimene anaphunzira m'ngozi ziwirizo.

Fangio anabadwa pa 24 Juni 1911 ku Balcarce, tauni yaing'ono ya alimi a mbatata ya kachewere m'chigawo cha Buenos Aires. Atate wake, Loreto, anali mmisiri wa zomangamanga wochokera ku Italy, ndipo banjalo linalibe chuma. Mnyamatayo analeka sukulu ali ndi zaka 13, nakalowa ntchito m'galaja, kumene anayamba ndi tintchito ting'onoting'ono kufikira anadziwa kumasula injini ndi kuimanganso. Anali wokonda mpira wa miyendo, ndipo anzake a pabwalo anamtcha El Chueco, kunena munthu wa miyendo ya matewe, dzina limene linamtsata kufikira imfa. Pomuona sanali kuoneka ngati munthu wa masewera: anali wamfupi, wa chifuwa chotambalala ndi mikono yolimba, wolankhula motsitsa ndi mosafulumira. Atatha nthawi yake ya usilikali anatsegula galaja ku Balcarce komweko, ndipo mu 1936 analowa mpikisano wake woyamba pa galimoto yakale ya Ford.

Mipikisano yotchuka ya ku Argentina pa masiku amenewo, yotchedwa Turismo Carretera, sinali ya pabwalo. Magalimoto wamba a Ford ndi Chevrolet, olimbitsidwa m'magalaja a m'matauni ang'onoang'ono, ankathamanga pa misewu ya fumbi ndi miyala, nthawi zina kuchoka dziko lina kulowa dziko lina. Anthu a ku Balcarce anasonkha ndalama namgulira mwana wawo Chevrolet, ndipo mu 1940 iye anapambana mpikisano wochoka ku Buenos Aires kupita ku Lima, likulu la dziko la Peru, ndi kubwerera. Unali ulendo woposa makilomita 9,000, ndipo unatha pafupifupi masabata awiri. Njira yake inadutsa m'zigwa zotentha, nikwera mapiri a Andes m'dziko la Bolivia, kumene msewu umafika pamwamba poposa mamita 4,000. Pamalo okwera chotero mpweya umachepa. Munthu amapuma wefuwefu, mutu umalasa, maganizo amayenda mochedwa, ndipo injini nayonso imataya mphamvu. Woyendetsa ankagwira chiwongolero maola ambiri tsiku ndi tsiku, ndipo akafika pogona ntchito inali isanathe, pakuti iye ndi mthandizi wake ndiwo ankakonza zimene zathyoka m'njira asanaike mutu pansi.

Kumeneko ndiko Fangio anaphunzira kusunga galimoto ndi kusunga thupi lake lomwe. Munthu amene wadzimangira yekha injini amaimva ikayamba kudwala, ndipo munthu amene watsala ndi masiku khumi a ulendo sathira mphamvu zake zonse pa tsiku loyamba. Chizolowezi chimenechi, chothamanga liwiro lokwanira kupambana osawonjezerapo, anapita nacho ku Ulaya, ndipo ndicho chinamsiyanitsa ndi anyamata ambiri olimba mtima amene anapikisana naye. Anakhala ngwazi ya Argentina mu 1940 ndi mu 1941, kenaka nkhondo yaikulu yachiwiri inaimitsa mipikisano chifukwa cha kusowa kwa matayala ndi mafuta, nimlanda zaka zimene munthu amakhala ndi mphamvu zambiri.

Phunziro lowawa loyamba linadza mu Okutobala 1948, pa mpikisano wochoka ku Buenos Aires kupita ku Caracas. Atafika ku Lima anapeza dziko la Peru lili pa chipwirikiti cha asilikali, kotero oyang'anira anafulumizitsa nthawi yonyamuka, ndipo oyendetsa anachoka usiku asanagone mokwanira. M'mphepete mwa nyanja, kumpoto kwa dzikolo, munali nkhungu. Ali wotopa ndi wolemedwa ndi tulo, Fangio analowa pokhota ndi liwiro loposa, galimoto inachoka mumsewu nigubuduzika, ndipo mthandizi wake, Daniel Urrutia, anaponyedwa kunja. Oscar Gálvez, amene anali mdani wake wamkulu pa liwiro, anaima namthandiza, koma Urrutia anamwalira. Fangio anavulala pang'ono chabe m'thupi. Bala lalikulu linali mumtima, pakuti ndiye anagwira chiwongolero, ndipo anasinkhasinkha zoleka mipikisano kotheratu. Anabwereranso, koma pa mipikisano ina yaitali ya pambuyo pake anasankha kuyenda yekha m'galimoto, ngakhale pamene malamulo analola kutenga mthandizi.

Ntchito ya m'kati mwa galimoto

Mu 1949 boma la Pulezidenti Juan Perón pamodzi ndi bungwe la Automóvil Club Argentino linamtumiza ku Ulaya. Anali ndi zaka 37, msinkhu umene oyendetsa ambiri a lero amakhala atapuma kale, ndipo anzake anamtcha mkulu kuyambira pachiyambi. Chaka chomwecho anapambana ku San Remo, ku Pau, ku Perpignan, ku Marseille, ku Monza ndi ku Albi, kotero kampani ya Alfa Romeo inamtenga mu 1950, chaka chimene mpikisano wa dziko lonse wa Formula One unayamba.

Owerenga amene aona magalimoto a mpikisano a masiku ano ayenera kuwaiwala pang'ono kuti amvetse zimene zikunenedwa pano. Pa galimoto ya masiku a Fangio injini inali kutsogolo, ndipo moto wake wonse unkabwerera kumapazi ndi kumiyendo ya woyendetsa. Thanki ya mafuta inali kumbuyo kwa msana wake. Matayala anali opyapyala, osagwira msewu kwenikweni, kotero pokhota galimoto inkatsetsereka ndi matayala onse anayi, woyendetsa n'kumaiwongola ndi chiwongolero chachikulu ndi phazi la pa moto. Mabuleki ankafuna mwendo wamphamvu, ndipo akatentha ankafooka mpikisano uli m'kati. Magiya ankasinthidwa ndi dzanja, kangapo pa mphindi iliyonse, kwa maola atatu, pakuti mipikisano yambiri inali ya makilomita pafupifupi 500. Ya masiku ano ndi ya makilomita 300 ndi pang'ono, ndipo kawirikawiri siifika maola awiri. Lamba womangira munthu kumpando kunalibe, ndipo oyendetsa sanamfune, poopa kupsera m'kati galimoto ikayaka. Ankavala malaya a manja aafupi, magalasi otchinga fumbi, ndi chipewa cha nsalu kapena chikopa; zisoti zolimba zinadza pambuyo pake. M'mbali mwa msewu munali mitengo, makoma, ngalande, mitolo ya udzu ndi anthu.

Madokotala a zaka za pambuyo, atapeza zipangizo zopimira munthu ali paliwiro, anaona kuti mtima wa woyendetsa umagunda koposa ka 150 pa mphindi kwa nthawi yaitali ya mpikisano, pamene wa munthu wongokhala umagunda pafupifupi ka 70, ndi kuti pa tsiku lotentha thukuta lokha limamchotsera makilogalamu awiri kapena atatu. Madzi akachepa m'thupi nzeru zimayamba kuchedwa mwini wake asanazindikire. Tsono galimoto yothamanga makilomita 250 pa ola imadutsa mamita 70 pa sekondi imodzi. Wochedwa ndi theka la sekondi kuponda mabuleki wapitirira kale ndi mamita 35 malo amene anayenera kuyambira kuima, ndipo pa misewu ya masiku amenewo mamita 35 aja ankathera pa mtengo.

Kuti nzeru zimagwira ntchito yotani m'galimoto yotere zinaoneka ku Monaco mu Meyi 1950. Msewu wa kumeneko umadutsa m'kati mwa mzinda, ndipo mbali ina umatsata doko. Pa kuzungulira koyamba funde la m'nyanja linagavira pamsewu pafupi ndi pokhota potchedwa Tabac. Fangio, amene anali kutsogolo, anadutsa bwino, koma Giuseppe Farina anaterereka kumbuyo kwake, ndipo pafupifupi theka la magalimoto onse linawombana nilitseka njira. Fangio sanadziwe kanthu za zimenezi. Pobwera ulendo wachiwiri, pokhota pajapo pasanaoneke, anazindikira kuti khamu la oonerera silikuoneka monga liyenera. Anthu amayang'ana wotsogola, ndipo iye anazolowera kuona nkhope. Tsiku limenelo anaona nkhongo. Madzulo a dzulo lake anali ataona chithunzi cha ngozi ina imene inachitika mumzinda womwewo mu 1936, ndipo zinthu ziwirizi zinakumana m'mutu mwake m'kanthawi kosakwana sekondi. Anaponda mabuleki, napeza msewu wodzala zitsulo, nadutsa pang'onopang'ono, napambana. Ena anati ndi mwayi. Koma mwayi sungathandize munthu amene maso ake aona msewu wokha, ndipo kuona zoposa msewu pa liwiro lotere kumatheka kwa iye yekha amene mutu wake sunadzazidwe ndi mantha kapena kutopa.

Chaka chimenecho Farina ndiye anatenga ukatswiri. Fangio anautenga mu 1951, ali ndi zaka 40, atapambana mpikisano womaliza ku Barcelona.

Usiku wa pa mapiri a Alps

Mu Juni 1952 anaiwala phunziro la ku Peru. Loweruka anathamanga ku Dundrod, m'dziko la Northern Ireland, pa galimoto ya BRM, koma anali atalonjeza a Maserati kuti Lamlungu adzakhala ku Monza, m'dziko la Italy. Makonzedwe a ndege anasokonekera, ndipo anafika ku France kokha. Munthu wina akanatumiza uthenga wopepesa nakagona. Fangio, posafuna kuphwanya lonjezo, anabwereka galimoto, nayenda usiku wonse kudutsa mapiri a Alps pa misewu yokhotakhota, nafika ku Monza patatsala pafupifupi theka la ola kuti mpikisano uyambe. Popeza sanayesere galimotoyo ndi anzake, anayambira kumbuyo kwenikweni. Anapitirira magalimoto angapo, koma atangozungulira pang'ono, pokhota potchedwa Lesmo, galimoto inakhudza m'mphepete mwa msewu niyamba kutsetsereka. Iye mwini anafotokoza pambuyo pake kuti kutsetsereka kotere akanakuwongola mosavuta ali wopuma bwino, koma tsiku limenelo manja anachedwa kumvera. Galimoto inagudubuzika, iye anaponyedwa m'mwamba, nathyoka mafupa a m'khosi.

Anakhala nthawi yaitali m'chipatala ndi m'chikhakha, ndipo sanathamangenso chaka chonsecho. Khosi linauma kufikira imfa yake, kotero potembenuka ankatembenuka ndi mapewa omwe. Panali ambiri amene anayesa kuti munthu wa zaka 41 wovulala chotero watha. Koma kuyambira pamenepo anayamba kusamala tulo ndi mphamvu zake monga momwe ankasamalira injini, ndipo chodabwitsa nchakuti zaka zake zopambana zinayi mwa zisanu zija zinadza khosi litathyoka kale.

Anabwerera mu 1953. Pa mpikisano wa Mille Miglia, wa makilomita pafupifupi 1,600 pa misewu wamba ya Italy, chitsulo cha chiwongolero cha Alfa Romeo yake chinawonongeka kotero kuti tayala limodzi lokha la kutsogolo ndilo linkamvera, komabe anafika wachiwiri. Mu Seputembala anabwerera ku Monza, kumene anathyokera khosi, nalimbana ndi Alberto Ascari ndi Farina tayala ndi tayala kwa pafupifupi maola atatu. Pokhota pomalizira Ascari anaterereka, ndipo Fangio, amene anali atadzisiyira mpata, anadutsa napambana.

Kulemera kwina kumene oyendetsa a masiku amenewo ankanyamula kunali maliro. Mu Julayi 1954 mnyamata wa kwawo, Onofre Marimón, amene Fangio ankamlera m'ntchitoyi ngati mwana wake, anafa poyesera galimoto ku Nürburgring m'dziko la Germany. M'mawa mwake mpikisano unachitika monga mwa makonzedwe. José Froilán González, wa ku Argentina yemwenso ndi munthu wa mphamvu ngati ng'ombe, anayamba bwino koma chisoni chinamgonjetsa, ndipo anaima napereka galimoto yake kwa Mike Hawthorn. Fangio anayendetsa Mercedes-Benz yake maola oposa atatu ndi theka, akudutsa ka 22 pamalo pamene mnzakeyo anafera, napambana. Si kuti analibe chisoni, pakuti amene anali naye pafupi anamuona akulira. Anali ndi mphamvu yotsekera chisonicho kunja kwa galimoto kufikira ntchito itatha, ndipo owerenga angadziweruzire okha ngati imeneyo ndi mphatso kapena katundu.

Chaka cha 1955 chinayesa thupi ndi mtima womwe. Pa 16 Januwale, m'kati mwa nyengo yotentha ya ku Argentina, mpikisano wa ku Buenos Aires unachitika kutentha kukuyandikira madigiri 40, ndipo m'kati mwa magalimoto munali moposa pamenepo. Oyendetsa anayamba kuima mmodzimmodzi, ena osatha kuimirira, ndipo anzawo ankalowa m'malo mwawo. Galimoto imene inafika yachiwiri inayendetsedwa ndi anthu atatu mosinthana; chimodzimodzinso yachitatu ndi yachinayi. Awiri okha, Fangio ndi Roberto Mieres, onse a ku Argentina, ndiwo anatsiriza popanda wowalandira. Fangio, wa zaka 43, anazungulira bwalo ka 96 m'maola atatu. Chitsulo china cha galimoto, chotenthedwa ndi paipi ya utsi, chinkakhudza mwendo wake pokhota paliponse nichiuwotcha, ndipo chipsera chake anafa nacho. Anafotokoza pambuyo pake kuti pamene anamva kuti akomoka anadziyerekeza ndi munthu wosokera m'dziko la chipale chofewa, amene akangokhala pansi afa ndi kuzizira. Ndi bodza limeneli ananyenga thupi lake kufikira mbendera yomaliza.

Pa 26 Meyi Ascari anafa ku Monza. Pa 11 Juni, pa mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans m'dziko la France, Mercedes ya Pierre Levegh inawomba galimoto ina, niuluka, nisweka pakati pa oonerera, ndipo anthu oposa 80 anafa pamodzi ndi Levegh yemwe. Fangio anali kumbuyo kwake kwenikweni, ndipo ankanena kuti dzanja limene Levegh anakweza pomchenjeza ndilo linampulumutsa. Anapyola pakati pa utsi ndi zitsulo napitiriza, kufikira usiku pamene akuluakulu a Mercedes analamula kuti magalimoto awo achoke, iye ndi Stirling Moss ali kutsogolo. Patapita masiku asanu ndi atatu anali pa chiwongolero ku Zandvoort m'dziko la Netherlands, napambana. Ukatswiri wa 1954 ndi wa 1955 unali wake. Mercedes italeka mipikisano anapita ku Ferrari, kumene sanamvane ndi mwini wake, Enzo Ferrari, ndipo ukatswiri wa 1956 anaupeza ku Monza pamene galimoto yake inathyoka chiwongolero, mnyamata wa ku England, Peter Collins, amene akanatha kuutenga yekha, natsika namupatsa yake.

Tsiku limene anapitirira malire

Bwalo lakale la Nürburgring lili m'mapiri a Eifel. Kulizungulira kamodzi kunali makilomita 22.8, mokhota moposa 170, zitunda ndi zigwa zosiyana kutalika ndi mamita pafupifupi 300, ndi malo ena pamene galimoto inkanyamuka matayala onse kusiya msewu. Malo ambiri okhota saoneka kufikira munthu atalowamo, kotero woyendetsa amayenera kusunga msewu wonse m'mutu. Pa 4 Ogasiti 1957 anayenera kulizungulira ka 22, makilomita oposa 500. Fangio anali ndi zaka 46, pa Maserati 250F. Hawthorn ndi Collins, a Ferrari, anali asanafike zaka 30.

A Ferrari anakonza zoyenda mpikisano wonse osaima. A Maserati, podziwa kuti matayala awo sakafika kumapeto, anathira mafuta theka la thanki kuti galimoto ipepuke, ndi cholinga choti Fangio atsogole patali, aime pakati, asinthe matayala, nabwerere asanampitirire kwambiri. Mbali yake anaichita: atazungulira ka 12 anaima ali patsogolo ndi masekondi pafupifupi 30. Koma amakaniko anasokonezeka, nati yomangira tayala inagwa nigubuduzikira pansi pa galimoto, ndipo pamene ankabwerera pamsewu anali wachitatu, kumbuyo ndi masekondi pafupifupi 50, atatsala ndi maulendo 10.

Poyamba sanathamange kwenikweni, pakuti matayala anali atsopano ndipo thanki inali yolemera. A Ferrari ataona kuti mpata sukuchepa anauza anyamata awo kuti asunge liwiro lomwelo. Pa bwalo lalitali chotero woyendetsa ankaona chikwangwani cha anzake kamodzi pa mphindi zisanu ndi zinayi ndi theka, kotero uthenga uliwonse unkafika utakalamba. Pamenepo Fangio anachita chimene anakana kuchita moyo wake wonse. Anayamba kulowa mokhota ndi giya yapamwamba kuposa imene ankalowera masiku onse, nadutsa malo ena osachotsa phazi pa moto kumene kale ankachotsa, natera pambuyo pa kudumpha tayala lili m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Ulendo ndi ulendo ankaphwanya mbiri ya liwiro la bwalolo, yake yomwe. Pa ulendo wa 20 anazungulira m'mphindi 9 ndi masekondi 17.4. Poyesera, galimoto ili yopepuka ndi msewu wopanda anzake, anatha mphindi 9 ndi masekondi 25.6, chaka chapitacho liwiro lake lopambana linali mphindi 9 ndi masekondi 41.6, ngakhale kuyenera kunenedwa kuti mbali zina za msewu zinali zitakonzedwa pakatipo. Cha kumapeto mpando wake unamasuka, kotero pokhota ankadzichirikiza ndi mawondo. Pa ulendo wa 21 anapitirira Collins, kenaka Hawthorn, matayala awiri ali pa udzu, ndipo anafika patsogolo ndi masekondi 3.6, atayendetsa maola atatu ndi theka. Ukatswiri wachisanu unatsimikizika tsiku lomwelo.

Hawthorn ndi Collins anamkumbatira mokondwa ngati apambana ndi iwo. Koma zimene zinachitikira Fangio mwini ndizo zofunika pa nkhani ino. Anaulula kuti kwa masiku awiri tulo sanatione, ndi kuti akatseka maso ankaonanso malo aja amene anadumpha osadziwa ngati atera pamsewu. Anaululanso kuti sanayendetsepo chotero ndi kale lomwe, ndi kuti sanafune kudzateronso. Anthu amakumbukira tsikulo ngati la ulemerero wake waukulu, ndipo nzoona. Koma kwa munthu amene anakhala ndi moyo pakati pa maliro ambiri chifukwa chodziwa polekezera, kunali kuswa lamulo lake lomwe, ndipo mtengo wake anaumva m'mitsempha. Sanapambanenso mpikisano wina wa ukatswiri wa dziko lonse.

Mu 1958 anathamanga pang'ono chabe. Mu Febuluwale, ali ku Havana m'dziko la Cuba, anyamata a gulu la Fidel Castro anamgwira pa hotela ya Lincoln usiku woti mawa kuli mpikisano, pofuna kuchititsa manyazi boma la Fulgencio Batista. Anamsunga mwaulemu, nammasula mpikisano utatha. Pa mpikisanowo galimoto ina inalowa m'khamu nipha anthu angapo. Pa 6 Julayi anathamanga ku Reims m'dziko la France pa Maserati imene inali itatsalira m'mbuyo pa liwiro. Msewu wa kumeneko uli ndi malo aatali owongoka, opatsa munthu nthawi yoganiza, ndipo ananena pambuyo pake kuti ali m'menemo anaganiza za msinkhu wake, za makolo ake okalamba ndi za anzake amene anafa, natsimikiza mtima kuti aleke. Luigi Musso anavulala pa mpikisano womwewo namwalira tsiku lomwelo. Hawthorn, amene anali kutsogolo, anamfika Fangio kumbuyo pafupi ndi mapeto, ndipo mwaulemu anachepetsa liwiro kuti asampitirire ndi ulendo wathunthu. Fangio anafika wachinayi, natsika, nauza makaniko wake kuti zatha. Patapita masabata anayi Collins anafa ku Nürburgring. Hawthorn anatenga ukatswiri wa chaka chimenecho, naleka mipikisano, nafa pa ngozi ya pamsewu wamba ku England mu Januwale 1959.

Pa mipikisano 51 ya ukatswiri wa dziko lonse imene anayamba, Fangio anapambana 24, pa magalimoto a makampani anayi, ndipo chiwerengero chake cha ukatswiri kasanu chinakhala zaka 46 chisanapitiriridwe, kufikira Michael Schumacher anatenga wachisanu ndi chimodzi mu 2003. Atapuma anabwerera ku Argentina, nachita malonda a magalimoto, nakhala mkulu wa kampani ya Mercedes-Benz m'dzikomo. Nyumba yosungiramo magalimoto ndi zikho zake inatsegulidwa ku Balcarce mu 1986. Pa ukalamba wake anavutika ndi matenda a mtima ndi a impso, ndipo anamwalira ku Buenos Aires pa 17 Julayi 1995 ali ndi zaka 84. Anaikidwa kwawo ku Balcarce, ndipo mwa onyamula bokosi lake munali González, Carlos Reutemann, Stirling Moss ndi Jackie Stewart.